Phale la Kuseri kwa Nyumba ya Atelala

Lachisanu, pa 7 Febuluwale, masana

Ndikulemba izi nditakhala pabedi miyendo nditaipinda, chifukwa madzi a mvula alowanso m'nyumba mwathu muno ku Kanyama, mu Lusaka, ndipo nsapato zanga za kusukulu ndazipachika pamsomali kuti zingayandame. Kusukulu sindinapite, msewu wathu wasanduka mtsinje. Inu amene mudzawerenge kabuku kangaka, kaya mwakatola kaya ndakupatsani ndekha, ndikupemphani chinthu chimodzi, musanene kuti izi ndi zopeka za mwana wokonda mabuku. Zinandichitikira ine mwiniwake, dzuwa lili paliwombo, ndipo mboni yake ndi chipsera chili padzanja lomwe lagwira cholemberali. Sinditchula dzina la munthu aliyense, chifukwa onse ndi abale anga ndipo ndimawakonda, ngakhale amene ndikufuna kukatsutsana nawo mawa.

Kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Kumeneko kuli nyumba ya agogo aamuna, obala amayi anga, ndipo ndi yakale kuposa masitolo ambiri a m'mbali mwa msewu waukulu. Akuti poyamba inali sitolo ya mmwenye wina, ndipo malole onyamula amuna opita kumigodi ankaima pamenepo, akazi n'kumatsanzikana ndi amuna awo pakhonde lake. Agogo anali telala, ankasokera pakhonde lomwelo, mpaka mwini sitolo posamuka anawagulitsa nyumba yonse. Pa nthawi yomenyera ufulu, akuti pakhonde ankasoka mayunifomu a amesinjala a kuboma, pomwe m'chipinda chamkati ankasoka malaya a anyamata a chipani, makadi awo atawasokerera m'mapilo. Mpaka lero mukatsika basi n'kuuza wa njinga kuti akutuleni pa Telala, safunsanso kuti ndi pati. Pasimenti ya khondelo padakali timaenje tinayi pamene miyendo ya makina inkaponda.

Agogo onse awiri anamwalira, anthu amene ankachita lendi anachokamo, nyumba n'kutsala yokha. Ana a agogo otsala ndi awiri basi, amayi anga ndi achimwene awo aakulu, amene ife timawatchula bamalume. Bamalume amakhala ku Matero, mu Lusaka momwemuno, amagulitsa zitsulo za galimoto, ndipo pakamwa pawo sipatera ntchentche. Si munthu woipa ayi, ndiwo anandigulira yunifomu atate atamwalira. Koma amakonda kundiseka chifukwa ndine wamanyazi, ndipo pagulu amauza anthu kuti ine agogo atelala anandisoka pakamwa asanamwalire, n'kuiwala kusiya lumo lometulira. Anthu amaseka, ine n'kumayang'ana zala zakumapazi.

Zaka ziwiri zapitazo, pa holide ya Ogasiti, ndili giredi eyiti, bamalume anabwera kudzauza amayi kuti apeza munthu wofuna kugula nyumbayo, ndipo anditenga ine kuti ndikajambule zithunzi pafoni yawo ndi kulemba mawu otsatsira, popeza mwina wogulayo angabwerere m'mbuyo pafunike wina. Anati iwo akajambula zithunzi zimatuluka zopendekeka ngati nyumba yaledzera. Ndikukumbuka kuti amayi anakana katatu, ati mwanayu ali ndi chifuwa, ati ali ndi homuweki, ati mphepo ya kumeneko ndi yoipa. Bamalume anawafunsa ngati akufuna kundiwiritsa ngati dzira mpaka ndidzakwatiwe. Amayi anagonja. Pondiperekeza kukakwera minibasi anandinong'oneza kuti ndisakayendeyende kuseri kwa nyumba, kuli njoka. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti sankanena za njoka?

Tinagona kwa achibale, m'mawa mwake n'kupita pa Telala. Inali nthawi yanga yoyamba kuiona ndili wozindikira, ngakhale ndinabadwira momwemo. Njerwa zofiira, malata adzimbiri, udzu mpaka m'chiuno. Bamalume anavula jekete n'kuyamba kutchetcha kutsogolo, ine n'kundipatsa khasu ati ndikalambule kuseri, chifukwa wogula abwera masana ndipo munthu sagula mkazi wosasamba, ndimo mmene ananenera. Ndinakumbuka mawu a amayi, koma ine kutsegula pakamwa n'kuuza bamalume kuti sindipita? Ndinangotenga khasu.

Kuseriko kuli tsinde lalikulu la nthochi, moyang'anana ndi windo la chipinda chakumapeto. Ndikupalira pamenepo khasu linagunda chinthu, ndipo nditafukula pang'ono ndinaona kuti ndi phale la mphika wadothi, lovundikiridwa chafufumimba, theka lake litakwiririka. M'mbali mwake munali timikanda toyera tingapo tosakanizika ndi dothi. Ine mwana wa m'komboni, wokulira pakati pa mabotolo osweka ndi mapepala apulasitiki, ndinaganiza chiyani? Ndinati ndi zinyalala. Ndinalizula ndi khasu, n'kukaliponya pa mulu wa udzu umene bamalume anaunjika pakati pabwalo kuti autenthe.

Itakwana nthawi ya masana wogula anafika pagalimoto yoyera, bambo wonenepa wa makiyi ambiri m'manja. Ndinkawamva pakhonde bamalume akumuonetsa timaenje tamakina tija, akumuuza kuti nyumba iyi ndi imene inasoka ufulu wa dziko lino, ndipo akagula agulanso mbiri yake. Wogulayo anaseka n'kunena kuti mbiri saikira lendi. Ine bamalume anandituma kuti ndijambule zipinda chimodzichimodzi, ndipo ndinatero mpaka ndinafika m'chipinda chakumapeto chija.



Chitseko chinali chotsegula, dzuwa likulowa bwinobwino. Nditangokweza foni, phokoso lonse linatha. Chigayo chimene chinkalira kutsidya kwa msewu, malole, mawu a bamalume, mphepo ya pamalata, zonse zii, ngati munthu wanditseka makutu ndi manja onyowa. Kenako ndinamva kuzizira mbali yakumanzere yokha, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno. Ndipo wina ananditsamira. Mukudziwa mmene munthu wogona amakutsamirani m'minibasi, mutu wake n'kulemera paphewa panu? Zinali choncho ndendende, kulemera kwa munthu wa msinkhu wanga. Ndinatembenuza maso, panalibe munthu. Koma kupuma kwake ndinkakumva pafupi ndi khutu langa, ine ndikapuma iye n'kutsatira pambuyo pang'ono, ngati akuphunzira kwa ine kapumidwe.

Windo la chipindacho linatsala ndi galasi limodzi lokha. Nditayang'ana pamenepo ndinadziona, nkhope yanga, tsitsi langa lomangidwa ndi ulusi. Koma ine ndinali nditagwira foni ndi manja awiri, pomwe wa pagalasiyo manja ake anali lende m'mbali, opanda kanthu. Ndinakweza chigongono, iye sanakweze. Sanali wokwiya, sanali kuseka, ankangondiyang'ana monga mmene mwana amayang'anira anthu akudya iye asanaitanidwe.

Ndinakuwa. Ndikunenetsa kuti ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, koma pakhosi sipanatuluke kanthu, ngakhale kamphepo. Ndipo ndilembenso ichi ngakhale chikundichititsa manyazi, ndinadzinyowetsa ndili chiimire, mtsikana wa giredi eyiti.

Zimene zinatsatira ndimazikumbukira ngati ndinkaonerera munthu wina. Foni inagwa. Miyendo yanga inatuluka nane pakhomo lakuseri, osati kuthawira kwa anthu, koma kulunjika pa mulu wa udzu uja, umene bamalume anali atauyatsa kale. Moto unali lawilawi chifukwa cha mphepo. Ndinagwada n'kupisa dzanja m'motomo, n'kufufuza mpaka ndinaligwira phale lija, n'kulitulutsa. Linasweka pakati, chidutswa chimodzi chinatsala m'manja mwanga, ndipo ndinachikumbatira pachifuwa. Pamenepo m'pamene chigayo chinayambanso kumveka, ndi mawu a bamalume akufuula kuti kodi ndapenga.

Wogula uja anaona zonse. Anaimirira chapatali makiyi ake atasiya kulira, n'kufunsa bamalume kuti kodi m'nyumba muno muli chiyani chimene sanamuuze. Bamalume anati palibe, ndi mwana chabe wa khunyu. Bamboyo anati iye ali ndi ana, safuna nyumba imene imaponya ana pamoto, ndipo analowa m'galimoto osatsanzika.

Kuchipatala anandimanga dzanja. M'basi yobwerera ku Lusaka bamalume anandikalipira kuchokera ku Sinda mpaka ku Nyimba, ati ndawaonongera msika, ati mwina ndi amayi anandituma kuti ndichite sewero, ati pofika andipereka kwa abusa andichotse ziwanda. Ndinkafuna kuwauza zimene ndinaona, koma mawu ndinalibe. Ndipo chowawa n'chakuti iwo sanazindikire n'komwe kuti sindikutha kulankhula. Anangoti taonani, ngakhale kupepesa sangathe, wosokedwa pakamwa. Mukakhala munthu wachete, tsiku limene mawu anu atayika palibe amene amawafunafuna.

Amayi okha ndiwo anazindikira nditangolowa pakhomo. Anandifunsa za ulendo, ine n'kungotsegula pakamwa ngati nsomba. Bamalume atachoka, amayi anayamba kutulutsa zovala m'chikwama changa kuti achape, ndipo m'kati mwa siketi yonyowa ija anapeza chidutswa cha phale. Sindidzaiwala. Anakhala pansi pasimenti pomwepo miyendo atatambasula, chidutswacho chili pamiyendo, osalira, mpaka mafuta a vitumbuwa amene anali pambaula anayamba kufuka utsi ndipo ndinakawaphula ndine ndi dzanja limodzi.

Sanandiuze tsiku limenelo. Panapita masiku asanu ndi anayi ndili duu, ndikulemba pakapepala ndi dzanja linalo ndikafuna madzi kapena sopo. Anansi ena ankati andilodza ku Katete, ena ankati ndi matama. Tsiku lachisanu ndi chinayi, m'mawa tikusankha nyemba, amayi anatseka chitseko n'kundiuza kuti sindinabadwe ndekha.

Anati tinali mapasa, atsikana awiri. Matenda anawayamba mvula ikugwa yoopsa, ndipo sanathe kufika kuchipatala, choncho anachirira m'chipinda chakumapeto chija mothandizidwa ndi agogo aakazi ndi amayi ena awiri oyandikana nawo. Ine ndinatuluka ndikulira, mnzanga anatuluka ali chete, ndipo sanapumepo ngakhale kamodzi. Mwana wotere kwathu amamutcha nthayo. Sakhomerwa bokosi, salira maliro ake, ndipo amuna sayandikira, amakamuika akazi okhaokha mwakachetechete, malo ake osauza mwamuna aliyense. Chifukwa cha mvula ija agogo anamuika pafupi, pa tsinde la nthochi, n'kuvundikirapo phale. Amuna a pabanja anangouzidwa kuti kwabadwa mwana wamkazi. Ngakhale atate anga anapita kumanda akudziwa kuti anabereka mmodzi. Ndipo anati wamapasa wotsala sauzidwa, komanso safika pamalopo, chifukwa mnzake angamuzindikire n'kumuitana. Taonani tsono, pa anthu onse a m'Zambia muno, bamalume anasankha ine n'kundipatsa khasu.

Amayi akulankhula choncho ndinamva pakhosi panga pakumasuka ngati mfundo ya ulusi. Mawu anga oyamba anali funso, ndinawafunsa ngati anamupatsa dzina. Anati ayi, nthayo sapatsidwa dzina. Apo m'pamene tonse awiri tinalira, chitseko chili chotseka, ndipo anali maliro ake oyamba.

Sabata yotsatira amayi anauza anthu kuti akukagula nsawawa zogulitsa, anakwera basi okha, anakabwezera chidutswa chija pamalo pake n'kubwerako. Anandilumbiritsa kuti ndisadzauze bamalume, ati izi ndi za akazi, mwamuna akazimva mwambo wasweka. Ndinalonjeza, ndipo ndasunga lonjezolo zaka ziwiri. Bamalume mpaka lero amakhulupirira kuti ndinagwa khunyu.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikulemba lero? Chifukwa Lamlungu lapitali bamalume anabwera atavala majombo, akudumpha pamiyala imene timaponda madzi akasefukira, n'kunena kuti apeza wogula wina, ndipo uyu alibe mantha ndi mizukwa chifukwa nyumbayo saifuna n'komwe. Akufuna malo. Adzagwetsa zonse, khonde ndi timaenje take, adzazula nthochi ndi thalakitala, n'kuthira simenti bwalo lonse kuti malole aziimapo. Mawa Loweruka tikukakumana ku Matero, wogulayo adzabwera ndi mapepala, ndipo chatsala ndi dzanja la amayi basi. Bamalume analoza madzi amene anali m'miyendo ya mipando yathu n'kufunsa amayi ngati akufuna kufera m'dziwe ngati chule, pomwe gawo lawo lingawachotse ku Kanyama kuno n'kuwapezera chipinda chouma ku Lilanda. Anandicheukira ine n'kunena kuti wakhunyu atsale kunyumba mawa, asakatiponyerenso msika pamoto.

Sindinganame, mawu awo ali ndi nzeru. Mabuku anga awiri anaola chaka chatha. Amayi amatsokomola nyengo yonse ya mvula. Nanenso ndimalota nyumba imene nsapato zimagona pansi.

Lero m'mawa ndinawafunsa amayi ngati akasaine. Ankatunga madzi pansi ndi beseni n'kumakataya panja, osandiyang'ana. Anati akasaina, atopa. Ndinawafunsa za mnzanga uja. Anati akhala akuganiza usiku ndi usana, koma pakamwa pawo ndi pomangidwa, amene anamanga anamwalira onse atatu, ndipo palibe wowamasula. Kukamufukula mobisa sangathe okha, ndipo kuuza achimwene awo ndi kuvula pamaso pa mlongo. Ndiye ine, amene sindinayankhepo amayi chibadwire, ndinawauza kuti amene analumbira tsiku lija ndi amene anagwira khasu pomuika, ine sindinalipo pa lumbiro lawo, ndinali khanda ndikulira m'chipinda. Ndinawauza kuti mwambo unati ine ndisauzidwe kuti ndingafe, koma ndauzidwa ndipo ndili moyo, ndafika giredi teni chaka chino. Ndinati mwambo umenewo anaupanga kuti umuteteze mnzangayo, pa nthawi imene nyumba sizinkagulitsidwa, ndipo ngati lero ukutitseka pakamwa kuti thalakitala imupere bwino, ndiye kuti wasiya ntchito yake. Amayi anaika beseni pansi. Anati ndayamba mwano. Kenako anati ndalankhula ngati agogo aakazi. Sanandiuze kuti ndipite, koma sanandiuzenso kuti nditsale.

Chimene ndimakhulupirira tsopano ndi ichi. Anthu akamva nkhaniyi adzati chinali chiwanda, ena adzati ndi mantha a mwana m'nyumba yakale. Anene zimenezo. Ine ndikudziwa kuti mnzanga uja akanafuna kunditenga akananditenga tsiku lomwelo, ndinali ndekha ndipo ndinali nditamugumulira denga lake. Sanandikoke, sananditsine, anangonditsamira, monga tinkatsamirana miyezi isanu ndi inayi. Ndinaopa kufuna kufa, inde, ndipo mpaka pano sindiyang'ana pagalasi la windo masana. Koma ndikaganiza za manja ake opanda kanthu aja, mantha amachepa, chimatsala ndi mkwiyo. Tauni yonse ikudziwa za makina a agogo ndi makadi a m'mapilo, bamalume amaiimba mbiri imeneyo kwa wogula aliyense, koma mbiri ya kuseri kwa nyumba palibe woitchula chifukwa ndi ya akazi.

Inu a mu Lusaka amene muli ndi nyumba za makolo kwanu, ndipo mukuzitsatsa ndi zithunzi za pafoni, ndikuchenjezeni. Pepala la malo limangonena za malire, silinena amene agona m'katimo. Musanaitane wogula, khalani pansi ndi alongo anu ndi azakhali anu, muwafunse mofatsa, ndipo akakhala chete musathamange kunena kuti avomera. Ndipo mukapeza phale lovundikira pansi pa mtengo, lisiyeni mmene lilili.

Sindikudziwa ngati nyumbayo ipulumuke. Mwina idzagulitsidwabe, ndipo mwina n'koyenera, sindine mwana woti sindiona madzi ali pansi pa bedi langa. Koma siigulitsidwa mnzanga ali pansi pa matayala. Ayambe apita amayi ndi akazi a kumpingo akamusamutse mwaulemu, akamugoneke pafupi ndi agogo, kapena wogulayo alembe papepala lomwelo kuti pa nthochi sadzakhudzapo. Kupanda apo amayi sasaina, ndipo ndikagwira cholembera chawo ndi dzanja langa lomweli.

Ndasita kale diresi langa labuluu ndipo ndalipachika pamwamba pa nsapato. Mawa ndidzuka amayi asanadzuke, ndikawadikira pa siteji ya minibasi kuti asandisiye. Tikakafika ku Matero sindikakhala kukhitchini ndi ana. Mapepala akangoikidwa patebulo ndikagwada monga mwa ulemu, pamaso pa wogula ndi onse, ndikatambasula dzanja lachipserali, ndipo ndikawauza bamalume kuti ali ndi mwana wina wa mlongo wawo amene sanamuonepo, wagona pa tsinde la nthochi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Akalipe, andinene wakhunyu, andilande yunifomu imene anagula. Mawu akakanjenjemera ndikayambiranso, mpaka amve. Mnzanga uja sanapatsidwe mpweya ngakhale wa kulira kumodzi, ine ndinapatsidwa wa anthu awiri, ndipo mawa ndikaugwiritsa ntchito.